Mtondo Udalira M'nyumba Yotseka

Lachitatu pa 13 Sepitembala 2023, dzuwa litangolowa, a Silasi adagwera m'chigwembe cha kuseri kwa tchalitchi pamodzi ndi njinga yawo. Adasupuka bondo, ndipo gudumu lakutsogolo lidapindika. Njira imeneyo adali ataiyenda pafupifupi zaka makumi atatu. Mowa adausiya kalekale. Njirayo idangozimirira m'maso mwawo, pamene anzawo amene adatuluka nawo m'mapemphero ankaionabe bwinobwino.

A Silasi adali ndi zaka 67, ndipo ankakhala okha m'mudzi wina kufupi ndi Mualadzi, m'boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete. Mudziwo sudali wawo. Adali mkamwini. Kwawo kwenikweni kudapsa pa nkhondo ya pachiweniweni, abale n'kubalalika, choncho mu 1994, pobwerera kuchokera ku Zambia kumene adathawira, adatsata akazi awo, a Elesi. A Elesi adamwalira mu Malichi 2022. Akuchikazi sadawathamangitse. Adati akhale, azilima munda womwewo. Koma kuyambira pamenepo nyumba ija idawakulira.

Mwana adali naye mmodzi, Ivone, amene ankagwira ntchito m'sitolo ku Tete. Lachisanu lake Ivone adaimba foni.

"Papa, ndamva."

"Wamva chiyani? Anthu a kuno nkhani amatumiza msanga, koma mchere kubwereka umachedwa."

"Ndamva kuti mudagwa. Lero ndi chigwembe, mawa chidzakhala chitsime. Mu Disembala, pa tchuthi cha Natale, ndikubwera. Tidzabwerera limodzi kuno. Chipinda chilipo."

"Nanga munda? Nanga amayi ako ndiwasiyire yani?"

"Amayi adagona, Papa. Sakufuna mlonda."

A Silasi ankayang'ana njira yopita kumanda, imene ankailambula okha mwezi uliwonse ngakhale kuti palibe adawatuma.

"Ndikadzapeza kuti madzulo simuona," adatero Ivone, "sitidzakambirananso. Ndatumiza mankhwala pa chapa. Muzimwa m'mawa uliwonse."

Mankhwalawo adafika pa chapa, minibasi yonyamula anthu. Tidali timapaketi ta ufa wotsekemera wosungunula m'madzi, ndipo pa paketi iliyonse padalembedwa mawu akuluakulu akuti antioxidante. A Silasi ankamwa mokhulupirika. Mkodzo udasanduka wachikasu kwambiri, koma maso sadasinthe.

Adasiya kupita kumapemphero a Lachitatu. Ankaphika dzuwa likadali pamwamba, n'kudyera pakhomo, mbale ili pamwendo. Nkhuku zikayamba kulowa m'khola, nawonso ankalowa m'nyumba. Ali m'katimo ankamva anthu akudutsa panjira, akucheza, akuseka, mawu awo n'kumatalikira. Palibe amene ankakhotera kwawo, chifukwa chitseko chotseka sichiitana mlendo.

Tsidya la kamtsinje kunkakhala a Idesi, mng'ono wa a Elesi, nawonso amasiye. Maliro atangotha, a Idesi ankabweretsa ndiwo tsiku lililonse. Kenaka pachitsime padamveka mawu akuti chokolo chayamba kale maliro asanazizire. A Silasi atamva, adabweza mbale n'kunena kuti aziphika okha. Kuyambira tsiku limenelo ankangopatsana moni patali.

Bondo lija silidapole. Pa 2 Okutobala adayenda pansi mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Adapezako namwino wamwamuna, wachinyamata, dzina lake Jacinto, amene anthu ankangomutcha a enifelimero. Iye adatsuka chilondacho, n'kufunsa kuti adagwa bwanji.

"Njira idandithawa," adatero a Silasi.

"Masana?"

"Madzulo. Masana ndimaona mpaka nyerere."

Jacinto adatenga tochi n'kuwaunika m'maso, kumanja ndi kumanzere. Adaona kuti poyera pa maso m'pouma, popanda kunyezimira. Pa diso lamanzere adakhalitsapo.

"Bambo, dzulo mudadya chiyani?"

"Nsima ya mfutso."

"Dzana?"

"Mfutso. Nthawi ya dzinja ndimadya nkhwani, bonongwe, chisoso. Masamba ndiye musandiphunzitse, a enifelimero. Ndimadya ngati mbuzi."

"Mumaphika bwanji?"

"Monga aphikira. Madzi odzaza mphika, mchere, kasoda pang'ono kuti zifewe msanga. Zikapsa ndimakhetsa madziwo."

"Mafuta? Nsinjiro?"

"Botolo la mafuta lidatha pa maliro a mayi a kunyumba. Sindidagulenso."

"Mtedza simulima?"

"Matumba alipo m'nkhokwe. Koma mano a m'mbali adatha, sinditafuna. Ndimagulitsa basi."

A Silasi adatulutsa kapaketi kamodzi m'thumba la jekete n'kukaika patebulo. "Komanso mwana wanga adanditumizira izi. Akuti zimateteza thupi."

Jacinto adawerenga kuseri kwa paketiyo. "Khasu mukalisiya pamvula limatani?"

"Limachita dzimbiri."

"Thupi nalonso, pogwira ntchito yake, limapanga tinthu timene timaliwononga pang'onopang'ono, ngati dzimbiri. Antioxidante ndi dzina la zinthu zimene zimachepetsa kuwonongekako. Zimapezeka m'masamba ndi m'zipatso, ndipo si za mtundu umodzi. Zina zimasungunuka m'madzi, monga vitamina C. Ndiye ali m'paketi umu, pamodzi ndi shuga ndi utoto. Ameneyu thupi silimusunga wambiri. Limatengapo amene likufuna, wotsala amatuluka ndi mkodzo."

"Ndiye kuti ndalama za mwana wanga ndimakazitaya kuseri kwa nyumba."

"Zina mwa izo," adatero Jacinto akumwetulira. "Si poizoni, koma si zimene maso anu akusowa. Vitamina C ali m'masamba anu omwewo. Kungoti soda amamuwononga, kuwiritsa nthawi yaitali kumamuwononga, ndipo wotsala mumamukhetsa ndi madzi aja."

"Nanga maso akusowa chiyani?"

"Mtundu winawo. Dzina lake karotene. Ndi amene amafiiritsa mango, papaya, dzungu ndi mbatata yofiira m'kati. M'masamba obiriwira kwambiri alimonso, kungoti kubiriwirako kumamubisa. Ameneyu sasungunuka m'madzi. Amasungunuka m'mafuta okha. Pa malire a dziko, pa Cassacatiza, mudadutsapo?"

"Popita tidadzera m'tchire. Pobwera ndiye tidadutsa pamenepo, pa lole."

"Khoma la matumbo lili ngati malire amenewo. Si zonse zofika pamenepo zimawoloka kulowa m'magazi. Karotene lole yake ndi mafuta. Mukadya ndiwo zokhala ndi mafuta, ndulu imatsika n'kuphwanya mafutawo kukhala timadontho ting'onoting'ono, karotene n'kulowa m'timadonthomo, n'kuwoloka. Popanda mafuta, wambiri amangodutsa mpaka kuchimbudzi. Amene wawoloka, wina amakhala momwemo n'kumateteza thupi, wina thupi limamusandutsa vitamina A n'kumusunga m'chiwindi. Chiwindi ndiye nkhokwe yake. Diso limatapa m'menemo kuti lizitha kuona kukachita chizirezire."

A Silasi adati, "Elesi ankatendera chilichonse. Ndinkamunena kuti akutha mtedza wogulitsa."

"Ankadzaza nkhokwe yanu. Mwakhala mukudya za m'nkhokwe imeneyo chaka ndi theka. Tsopano yafika pansi."

Jacinto adawamwetsa kapisozi wa vitamina A pomwepo, n'kuwauza kuti abwerenso mawa lake, ndiponso pakatha masabata awiri, kudzamwa ena. Adawachenjeza kuti makapisozi amenewo si ogula okha n'kumamwa mwachisawawa, chifukwa vitamina A akachuluka m'chiwindi amadwalitsa.

"Awa adzaza nkhokwe mwamsanga, ndipo muona kusintha posachedwa. Koma pakapita miyezi idzatsikanso ngati simuthiramo. Nsinjiro dzanja limodzi m'ndiwo n'zokwanira. Ndipo ndikuuzeni zoona: diso lamanzereli layamba ng'ala. Imeneyo chakudya sichichotsa. Ndi ya madokotala a maso. Akadzabwera ku Chifunde ndidzakutumizirani uthenga."

"Za ng'alazo ndamva. Koma nsinjirozo asinje ndani?"

"Inuyo."

A Silasi adaseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. "Mwamuna wa imvi, mkamwini, m'mudzi mwa eni, kugwira munsi? Mawa lake ana adzandipekera nyimbo."

"Mtondo sufunsa kuti wagwira munsi ndani, bambo."

"Mtondo sufunsa. Anthu ndiye amafunsa."

Makapisozi adagwira ntchito. Pasanathe sabata, a Silasi adaona kuti madzulo mitengo ya kumunda ikuonekanso umodziumodzi. Koma mawu a nkhokwe yotsika aja sadawachoke. Ankadziwa kuti Ivone sadzangoyang'ana maso okha. Adzavundukula mphika.

Mtondo wa a Elesi udali kuseri kwa chitseko, wovundikira, kuyambira tsiku la maliro. Udali wa mlombwa, ndipo udang'aluka m'mbali chaka china. A Silasi ndiwo adaumanga ndi waya. Kuchokera nthawi imeneyo unkalira mosiyana ndi mitondo ina yonse ya m'mudzimo: munsi ukagunda, wayayo ankayankha ndi kamawu kake kakang'ono.

Lachinayi lina m'mawa, anthu ambiri atapita kukasosa kuminda, a Silasi adasenda mtedza, adatseka chitseko ndi zenera, adatembenuza mtondo uja n'kupukuta akangaude. Munsi udali wosalala pakati, pamene manja a akazi awo ankagwira. Adaugwira pomwepo n'kuyamba.

A Idesi tsiku limenelo sadapite kumunda. Ankatsuka mbale pakhomo pawo pamene adamva kulirako kuchokera tsidya lina. Adaimika manja m'madzi. Mtondo umenewo adaumva zaka zambiri m'mawa uliwonse, ndipo adaudziwa ngati mawu a munthu. Adayang'ana nyumba ya mlamu wawo. Chitseko chotseka, zenera lotseka, pabwalo popanda munthu. Maganizo oti a Silasi angakhale akusinja sadawafikire n'komwe. Adamanga molimba kapulana, chitenje chawo, adatenga Baibulo, n'kuwoloka kamtsinje.

Ataima pakhomo adati, "Odi."

Kusinja kudaleka.

"Achemwali," adatero a Idesi ndi mawu otsika, "ngati ndinu, tidakuikani bwino. Mwambo wonse tidachita. Chatsala n'chiyani?"

Chitseko chidatseguka pang'ono, ndipo padatulukira nkhope ya a Silasi, thukuta lili chuchuchu, tizidutswa ta mtedza tili m'ndevu.

A Idesi adawayang'ana, adayang'ana munsi, n'kukhala pansi pakhonde. Adaseka mpaka misozi, ndipo kusekako kutatha misozi idapitirira. A Silasi adangoima, munsi uli m'manja, osadziwa poyang'ana.

"Alamu," adatero a Idesi akupukuta m'maso ndi kapulana, "mwandiopsa. Ndimayesa akufa ayamba kutendera."

"Ndi a enifelimero adandituma."

Adafotokoza zonse: chigwembe, Ivone, malire a m'matumbo, nkhokwe ya m'chiwindi. A Idesi adamvetsera, kenaka adasuzumira mumtondo n'kutapamo ndi chala.

"Izi si nsinjiro, izi ndi chiponde. Mukumenya ngati mukukhoma mpanda. Mtedza umafuna dzanja lopepuka, n'kumasefa pafupipafupi, apo ayi umatuluka mafuta n'kugwirana. Sefa ya achemwali ili kuti?"

"Ili padenga."

"Tsitsani. Ndipo mtondowu utuluke panja. M'nyumba amasinjiramo mfiti."

"Anthu adzati chiyani?"

"Adanena kale za chokolo, inu n'kutsala pang'ono kuchita khungu. Akanenanso za munsi, mudzaduka mwendo?"

Mtondo udatuluka. A Idesi sadawasinjire. Adakhala pambali n'kumawauza pamene alakwitsa. Adawaonetsa kuphika ndi madzi ochepa, mphika wovundikira, kuthira nsinjiro masamba akangofewa, n'kuphula msanga popanda kukhetsa kanthu. Za soda adakangana pang'ono, chifukwa a Idesi nawonso ankathira chidulo m'ndiwo zambiri kuyambira ali mtsikana.

"Thelere lopanda chidulo ndi thelere?" adafunsa.

"Za thelere sindidafunse. Koma mu nkhwani ndi bonongwe akuti tisiye."

"Tiona ngati zifewe."

Zidafewa. Adaziduladula mosalala n'kuzisadzula bwino, basi.

Anthu adanenadi. Amuna ena podutsa ankafunsa ngati a Silasi ayambanso kuvala kapulana. Ana adaimirira kumpanda masiku angapo, kenaka adatopa. A Hezekiya, mkulu wa mpingo amene akazi awo adadwala sitiroko, adabwera tsiku lina ngati odzabwereka nkhwangwa, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana kasefedwe. Nkhwangwayo adaiiwala.

Paulendo wachitatu wa kuchipatala, Jacinto adawonjezera mawu amodzi: mfutso woyanika padzuwa mpaka kuyera umataya karotene wambiri, choncho wa chaka chamawa adzayanike pamthunzi, podutsa mphepo. Mu Novembala mango adapsa, ndipo a Silasi ankadya awiri akangomaliza chakudya, mafuta a nsinjiro akadali m'mimba. Adawongoletsa gudumu la njinga. Adabwereranso kumapemphero a Lachitatu.

Ivone adafika Loweruka pa 23 Disembala. Chapa idachedwa, ndipo idamutsitsa pamsewu dzuwa litalowa, kumwamba kuli mitambo. Adayembekeza kupeza mwana wa aneba. Adapeza bambo ake, ataima ndi njinga.

"Papa, mwabwera nokha?"

"Ndibwere ndi yani? Ika chikwama apa."

A Silasi adamanga chikwama pa kaliyala n'kutsogola, akukankha njinga. Ivone ankatsatira, akuwayang'anitsitsa mapazi. Atafika kuseri kwa tchalitchi, a Silasi adati, "Dzera kumanja, apo pali chigwembe changa chija. Ndipo samala chitsa icho."

Ivone sadachione chitsacho. Adachipunthwa.

"Maso a m'tauni," adatero a Silasi. "Adazolowera magetsi."

Mawa lake atabwerako kutchalitchi, Ivone adavundukula mphika monga momwe bambo ake adaganizira. Adapeza bonongwe wotendera. Adalawa.

"Aphika ndi amayi aang'ono?"

"Ndaphika ndine. Iwo amangobwera kudzanyoza."

"Ndiye mankhwala anga aja adathandiza."

"Adathandiza kukometsa madzi." Adamufotokozera zimene Jacinto adanena, osabisa za makapisozi ngakhale za ng'ala. Kenaka adatulutsa mtondo pabwalo, adathiramo mtedza n'kusinja mwana wawo akuona. Waya uja adayankha munsi monga kale. Ivone adatembenukira kumbali, n'kuyang'ana kumunda nthawi yaitali.

"Khalani, Papa," adatero pomaliza. "Koma za diso lamanzerelo sindidagonje. Likadzafika poipa, tidzakambirananso."

Phunziro la nkhaniyi ndi ili. Chimene chimathandiza thupi si chimene chalowa m'kamwa chokha, koma chimene chawoloka m'matumbo kulowa m'magazi. Masamba obiriwira, dzungu, mbatata yofiira m'kati, mango ndi papaya tizidya pamodzi ndi nsinjiro kapena mafuta pang'ono. Masamba tiziphika ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, popanda soda, ndipo msuzi wake tisataye. Mfutso tiziyanika pamthunzi. Paketi ya m'sitolo siilowa m'malo mwa ndiwo zophika bwino. Munthu amene wayamba kusaona madzulo apite kuchipatala msanga, chifukwa zoyambitsa zake n'zosiyanasiyana. Ndipo mwamuna wokhala yekha asachite manyazi ndi mtondo.

Mvula ya chaka chimenecho idavuta, ndipo mtedza wa 2024 udachepa. A Silasi sadagulitseko. Pofika Sepitembala 2024, chaka chathunthu chigwereni m'chigwembe, ankabwerabe okha kuchokera kumapemphero a Lachitatu, osamwanso kapisozi wina. Diso lamanja likuona bwino. Lamanzere likunka liyera pang'onopang'ono. Uthenga wa madokotala a maso sunafike.